Kagalu Kovina ka ku Japan Sikangaphe Usipa ku Chembe

Anzanga a geni, kaya muli pa benchi mu Limbe, kaya ku Tsoka mu Lilongwe, kaya mwayala katundu pa Zigwagwa ku Mzuzu, sabata ino tikambirane za tizinthu tija tadzaza pa matebulo athu masiku ano. Ndikunena timafani tokwana m'chikhatho, tinyali topindika ngati mchira wa pusi, timawayilesi tokhala ngati chitini cha nsomba, timakina tometera ndevu, tonse tokhala ndi kamchira kamodzi kolowetsa pa kabowo kotchedwa USB. Ambiri mwa inu mukutioda ndi ndalama zakunja zomwe mukuzipeza movutikira, pa mtengo woti ukaumva mutu umazungulira. Tsono ndi bwino tidziwe kumene tinachokera, ndiponso tomwe tingabweze mpamba ndi tomwe tidzangochita fumbi pa benchi mpaka mwana wa mlongo wanu adzatitenge kukaseweretsa.

Kabowo kameneka kanabadwa mu 1996, matipate athu ali ndi zaka ziwiri zokha. Makampani akulu-akulu a makompyuta monga Intel, Microsoft, IBM ndi NEC ya ku Japan anatopa ndi chisokonezo cha mawaya, poti chida chilichonse chinali ndi pulagi yake-yake. Anagwirizana zoti pakhale khomo limodzi lolowera zonse. Ndipo pofuna kuti tizida ting'ono-ting'ono tisamafune batire yakeyake, anaika m'khomomo kamphamvu ka magetsi kochepa, mavoti 5 basi. Iwo ankaganiza za ntchito za mu ofesi. Sankadziwa kuti ku Tokyo kuli anthu omwe akaona kabowo ka magetsi samagona tulo mpaka atapeza choti alowetsepo.

Mu mzinda wa Tokyo muli dera lotchedwa Akihabara. Limenelo ndiye msika wa zamagetsi, tinene kuti Limbe wawo, koma wosanjikana mpaka kumwamba. Kumeneko mu 2003 kunabadwa kampani yotchedwa Thanko, yomwe inatchuka dziko lonse ndi katundu woti ukamuona umayamba waseka kaye usanafunse mtengo. Anapanga masilipasi otenthetsa mapazi olumikiza ku kompyuta. Anapanga magolovesi ofunditsa zala munthu akamalemba. Anapanga tayi yokhala ndi kafani pa mfundo pake, kuti bwana azipemereredwa pakhosi ali pa desiki. Anapanganso khushoni youzira mphepo kumatako. Eee, mwamva bwino, kumatako. Kampani ina yotchedwa Solid Alliance inkagulitsa mafulashi ooneka ngati chakudya chawo chija cha mpunga ndi nsomba yaiwisi, oti mwana wanjala atha kuwaluma.

Koma mfumu ya zonsezi inatuluka cha m'ma 2006 kuchokera ku kampani ya Cube Works. Kanali kagalu kapulasitiki. Ukakalowetsa pa kompyuta, kankayamba kugwedeza chiuno ngati galu wa m'mwezi wa chiswe amene wapeza mwendo wa mlendo, osaleka mpaka ukazule. Sikankasunga nyimbo, sikankasunga kalata, sikankawala. Ntchito yake inali yomweyo basi. Ndipo anthu anakagula, ku Japan konko ndi ku Ulaya komwe. Koma abale, dziko lili ndi anthu.

Khalidwe limeneli silinayambe ndi kompyuta ayi. M'zaka za m'ma 1980 mkulu wina dzina lake Kenji Kawakami, yemwe ankakonza magazini yotsatsa malonda, anayamba kudzaza masamba otsala ndi zida zimene ankazitcha chindogu. Chindogu ndi chida chothetsa vuto lenileni koma mwa njira yobweretsa manyazi oposa vutolo. Panali chipewa chokhala ndi mpukutu wa pepala la kuchimbudzi pamutu, kuti wachimfine azingokoka n'kumina. Panali tinsapato ta mphaka tokhala ndi nsanza kunsi, kuti mphakayo akamayenda azikolopa m'nyumba. Panali kafani komangirira pa timitengo todyera kuti kaziziziritsa chakudya chisanafike pakamwa. Buku la zida zimenezi linatuluka m'Chingerezi mu 1995. Koma Kawakami anaika lamulo loti chindogu chenicheni sichigulitsidwa. Iye ankadziwa kuti nthabwala ndi nthabwala. Anzake a ku Akihabara ndiwo anaona kuti nthabwala ikhoza kukhala ndi mtengo pa shelefu.

Tisafulumire kuwaseka kwambiri anthu amenewa. Katundu aliyense amabadwa ndi nyengo yake. Ku Tokyo kumazizira mpaka madzi kuuma, ndipo nyumba zambiri zakale sizisunga kutentha, tsono masilipasi otenthetsa aja kwa kalaliki wokhala pa desiki tsiku lonse si misala. Mu 2005 boma lawo linayambitsa ndondomeko yotchedwa Cool Biz, yolimbikitsa maofesi kuti makina oziziritsira asatsike kupitirira madigiri 28 pofuna kupulumutsa magetsi. Anthu anayamba kutuluka thukuta m'maofesi, timafani ta USB tinapeza msika. Mu 2011 chivomezi ndi madzi osefukira zitawononga malo opangira magetsi a ku Fukushima, dziko lonse linauzidwa kuti lichepetse magetsi, ndipo tizida timeneti tinayendanso malonda. Mkulu wina amene anagwirapo ntchito ku Sony, Hiroshi Ichigaya, anapanga majekete okhala ndi timafani tiwiri m'nthiti. Poyamba anthu ankamuseka. Lero amisiri omanga nyumba ku Japan amawavala ngati yunifomu nthawi yotentha. A Thanko omwe, atakula, anayamba kudalira kwambiri katundu wothandizadi, monga kachida koziziritsa pakhosi koyendera pawabanki ndi timapoto tophikira mpunga wa munthu mmodzi.

Tsopano tiyeni tinyamule katundu yenseyu, timukweze pa Sienta, titsike naye ku Mangochi. Tisanafike pa Monkey Bay tikhotere kumanzere, tikwere mapiri aja a anyani, titsikire ku Chembe, mudzi umene azungu amautcha Cape Maclear. Ndasankha Chembe dala. Ndi mudzi waukulu wa asodzi, wa anthu oposa 10,000, wopanikizika pakati pa phiri ndi nyanja, m'kati mweni-mweni mwa Lake Malawi National Park. Koma ndi mudzinso umene mlendo wa ku Germany wonyamula foni ya mamiliyoni amadutsana pa mchenga ndi mayi wosenza beseni la usipa. Misika iwiri pa gombe limodzi. Katundu amene walephera ku Chembe, musavutike naye kwina.

Tiyale tsono. Masilipasi otenthetsa mapazi, mu Okutobala, pa mchenga woti ukaponda wopanda nsapato umavina beni usanafune? Abwerere. Tayi ya kafani? Mwina mlaliki Lamulungu, koma kompyuta yoti ailumikize aitenga kuti, aikoka pa wilibala mpaka pa guwa? Kagalu kaja ana akaseka tsiku limodzi, amayi awo akakaona akatukwana wogulitsa, mawa lake kali m'madzi. Ndipo musaganize kuti anthu a ku Chembe sadziwa katundu wa ku Japan. Amamudziwa kuposa ife a m'tauni. Injini zambiri zokankha maboti awo ndi za Yamaha, ndipo msodzi akhoza kukuuzani vuto la injini pongomva kulira kwake ili kutali. Galimoto zimene zimawatengera ku Monkey Bay zinayamba zayenda m'misewu ya ku Japan. Mlatho wa pa Shire pa boma la Mangochi unamangidwa ndi thandizo la Japan. Ngakhale m'madzi mwenimwenimo, akatswiri a ku Ehime University motsogozedwa ndi Tetsu Sato anagwira ntchito ndi University of Malawi pamodzi ndi anthu a m'mudzimo, kuphatikizapo kumanga chirundu, mulu wa miyala ndi nthambi pansi pa nyanja woti nsomba zizisonkhanapo pafupi ndi gombe. Kwa munthu wa ku Chembe, dzina loti Japan limatanthauza chinthu cholimba chimene chimabweza ndalama. Mukamubweretsera chidole n'kumuuza kuti ncha ku Japan, mukudzichotsera ulemu nokha.

Koma pali kachida kamodzi kamagetsi kamene kanagonjetsa nyanja yonse popanda wotsatsa pa wayilesi, ndipo nkhani yake ndi imene ndikufuna muimvetse. Usipa umatsata kuwala. Usiku wamdima msodzi wotchedwa siginala amapalasa bwato lake lokhala ndi nyali, nsomba zimasonkhana pansi pake, kenaka anzake amazinga ndi chilimila. Aliyense amene anagonapo m'mbali mwa nyanja anaziona nyali zija zitandandalika pamadzi ngati tauni yoyandama. Kwa zaka zambiri nyali zimenezi zinali za Tilley, zopopa, zomwa palafini. Usiku uliwonse palafini. Kansalu koyaka kaja kakathothoka, gula kena. Galasi likakumana ndi dontho la madzi ozizira, laphulika. Ndipo palafini akasowa pa filing'i siteshoni, ulendo wa panyanja wafa. Kenaka kunabwera mababu a LED oyendera batire, ndipo batireyo masana amaitchaja pa sola kapena pa magetsi. M'zaka zochepa nyali zopopa zinayamba kusowa pa madoko ambiri. Palibe nduna inadula riboni. Asodzi anangowerengera okha kuti ndalama imene inkapsa usiku uliwonse tsopano ikutsala m'thumba.

Ena amadandaula kuti kuwala kwa mababuwa n'kwamphamvu kwambiri ndipo kukuthandiza kukokolola nsomba m'nyanja, ndipo dandaulo limenelo si lopanda pake. Koma kwa ife a geni phunziro lake ndi la malonda. Babu ija inalowa m'malo mwa chinthu chimene munthu ankalipira tsiku ndi tsiku. Kagalu kovina sikalowa m'malo mwa chilichonse. Mukaima pa shopu ya mwenye kapena ya Mtchaina mukuoda, kapena mwafika ku Kariakoo ku Dar es Salaam maso ali mwaa ndi zonyezimira, funso loyamba likhale limenelo: kodi kameneka kamuchotsera kasitomala wanga ndalama iti imene akuwononga kale?

Mwina wina afunsa kuti, nanga poti tizidati timalumikizidwa ku kompyuta, ku Chembe makompyuta alipo angati? Alipo owerengeka, m'malo ogona alendo, ndi kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Koma kabowo kaja kanasamuka kale pa kompyuta. Lero kali pa nyali ya sola, kali pa pawabanki, kali pa wayilesi, kali m'galimoto, kali pa thabwa la kwa ometa pamene mafoni khumi amagona pamodzi akutchajidwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja ounikira magetsi m'dziko muno anali pafupifupi 11 pa 100 alionse, pamene oposa theka ankaunikira matochi a mabatire. Mawaya a magetsi ku Chembe anafika, koma si nyumba iliyonse imene inakoka, ndipo ngakhale okoka akukumbuka bwino za 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, dziko n'kukhala mu mdima miyezi yambiri-mbiri. Ku Japan kabowo ka USB ndi magetsi otsala, oseweretsa. Kwathu kuno kwa anthu ambiri ndi magetsi okhawo amene ali nawo. N'chifukwa chake msika wa tizida timeneti kuno ndi weniweni, mwinanso kuposa kwawo, bola musankhe bwino.

Posankhapo pamafunika masamu pang'ono, ndipo musathawe, ndi osavuta kuposa kuwerengera chiwongola dzanja cha banki m'khonde. Kabowo wamba ka pa kompyuta kamatulutsa mavoti 5 ndi theka la ampu, kutanthauza mawati awiri ndi theka. Ketulo yamagetsi ya m'khitchini imadya pafupifupi mawati 2,000. Kuti muwiritse kapu imodzi ya tiyi ndi mawati awiri ndi theka, mungadikire maola pafupifupi 9, ndipo apo ndiye kuti kutentha sikukuthawa ngakhale pang'ono, zimene sizichitika. Zoona, mabowo atsopano a USB-C amatha kutulutsa mphamvu zambiri, koma osati pa kapawabanki kotchipa ka pa benchi, kamene kamathera cha pa mawati 10. Tsono chilichonse chimene chikulonjeza kutenthetsa, kuphika, kusita kapena kuziziritsa Fanta kudzera pa kamchira kameneka, chisiyeni pomwepo. Kafiriji kaja kokwana chitini chimodzi n'kokongola pa chithunzi, koma pa kutentha kwa ku Mangochi chakumwa chanu chidzatuluka chofunda ngati mkodzo wa ng'ombe.

Zimene kabowoka kamakwanitsa bwino ndi kuunika, kuzunguza kafani, kuimba nyimbo ndi kutchaja foni. Pawabanki yeniyeni ya 10,000 mAh imasunga mphamvu yokwana kuyendetsa kafani kakang'ono usiku wonse mpaka tambala, kapena babu ya mawati atatu kwa maola asanu ndi atatu kapena kuposerapo pang'ono. Apa ndiye pali geni. Mayi wosankha usipa pa thandala m'bandakucha akufuna kuwala m'manja muli mwaufulu, ndiye tochi yovala pamutu yotchaja imamuchotsera mabatire ogula sabata iliyonse. Mwana wa Fomu 2 akufuna babu yowerengera yosafuka utsi ngati koloboyi. Mwini grosale akufuna kuwala kuti asatseke dzuwa likangolowa.

Kafani ndiye ndikufuna ndikaikire kumbuyo mwapadera, chifukwa ambiri amakayesa chidole cha atsikana a ku koleji. Amene anagonapo ku nyanja mu Novembala m'nyumba ya malata akudziwa chimene chimachitika. M'neti mumatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Munthu amapirira mpaka pakati pa usiku, kenaka amakankha neti, kapena kutuluka ndi mphasa kukagona pa khonde. Udzudzu umangoti zikomo. Malungo a ku Chembe si nkhani yatsopano. Amishoni a Livingstonia anafika pamalopa mu 1875, ndipo pofika 1881 anali atasamukira ku Bandawe, atasiya anzawo m'manda amene alipobe mpaka lero kumapeto kwa mudzi. Kafani kopachika m'kati mwa neti, koyendera pawabanki, kangathe kumusunga munthu m'netimo mpaka kucha. Ameneyo ndi katundu woti mungamugulitse mutu uli m'mwamba.

Koma pali m'bale wake amene ndikukupemphani, chonde, musamuyale pa benchi. Ndi tizida tija amati timathamangitsa udzudzu ndi kaphokoso kosamveka m'khutu la munthu. Akatswiri anasonkhanitsa kafukufuku wa tizida totere mu 2007 ndipo anapeza kuti sitithamangitsa udzudzu ngakhale pang'ono. Tinyali tofiirira tija timene amati timakoka udzudzu n'kuupha timagwira kwambiri agulugufe ausiku ndi tizilombo tina tosalakwa, pamene udzudzu wa malungo umatsata mpweya ndi fungo la thupi la munthu. Mukamuuza mayi kuti akagula kameneka neti safunikanso, ndipo mwana wake n'kudwala, phindu lanu la tsiku limenelo lili ndi magazi. Kagalu kovina n'kachabechabe koma sikanaphe munthu. Aka kakhoza.

Tibwere ku nkhani ya chinyengo, poti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Choyamba dziwani kuti katundu wambiri wotereyu, ngakhale nzeru yake inachokera ku Tokyo, amapangidwa m'mafakitale a ku China, makamaka cha ku Shenzhen. Kumeneko amapanga wabwino ndi woipa yemwe, malingana ndi ndalama ya woodayo. Mawu oti Japan pa katoni asakunamizeni. Pawabanki yoona ya 10,000 mAh imalemera pafupifupi magalamu 200. Ya 50,000 yoona imayandikira kilogalamu yathunthu. Tsono mukaona kanthu kolowa m'thumba la malaya, kopepuka ngati bokosi la machesi, katalembedwa 50,000, dziwani kuti inki ndi yotchipa. Pitani nako pa sikelo ya mnzanu wogulitsa nyemba. Koma sikelo yokha siikwanira, chifukwa akathyali ena amaika batire imodzi yeniyeni n'kudzaza zinazo ndi mchenga kuti kalemere. Tangoganizani, kunyamula mchenga kuchokera ku China kukagulitsa ku Chembe! Njira yake ndi kugula kamodzi kaye, kukatchaja mpaka kudzaza, n'kuwerenga kuti katchaja foni yanu kangati musanatenge katoni yonse.

Mafulashi ndi mamemore khadi nawonso chimodzi-modzi. Amalemba 64GB, kompyuta nayo n'kuonetsa 64GB, koma m'kati muli malo a 4 kapena 8 okha. Poyamba zonse zimaoneka bwino. Kasitomala akadzaza, nyimbo zatsopano zimayamba kufufuta zakale mwakachetechete, ndipo tsiku lina zithunzi za ukwati wake zonse zapita. Yesani pomuuza mnyamata woika mafilimu kuti adzaze fulashiyo mpaka pakamwa, kenaka mutsegule zoyambirira kulowa muone ngati zikuseweranso. Za kusunga zinthu zofunika pa kafulashi, a ku Japan omwewo anatiphunzitsa mu 2022. Mu mzinda wa Amagasaki, wantchito wina anaika pa fulashi maina ndi zinsinsi za anthu onse a mumzindawo, oposa 460,000, n'kupita kukamwa mowa. Anagona panjira, podzuka chikwama palibe. Akulu-akulu a mzinda anachita kuweramitsa mitu pamaso pa atolankhani kupepesa. Mwamwayi chikwamacho chinapezeka. Kachasu alibe mtundu, anzanga.

Tsono msika wachiwiri uja, wa alendo. Mzungu wobwera kudzasambira ndi mbuna ku chilumba cha Thumbi kapena kukagona ku Domwe ndi Mumbo safuna kafani kanu, ali nako kabwino kochokera kwawo. Chimene amasowa ndi chimene waiwala pa malo amene anagona dzulo kapena chimene chamunyowera m'boti: waya wotchajira, pulagi yolowa m'masoketi athu a mabowo atatu, kathumba koteteza foni ku madzi. Pa waya pomwepa pali posamala. Mayiko a European Union analamula kuti kuyambira kumapeto kwa 2024 mafoni atsopano onse ogulitsidwa kumeneko azikhala ndi kabowo ka USB-C, ndipo iPhone inasintha kale mu 2023. Pamene timafoni tambiri ta mabatani ta m'mudzi tikadali pa kabowo kakale kaja timakatcha V8. Wopita ku Chembe ndi mtundu umodzi wokha wa waya wasiya theka la msika. Ndipo waya ukhale wabwino, chifukwa mlendo akanamizidwa salankhula nawe, amakalemba pa intaneti kuti dziko lonse liwerenge.

Pamenepa ndiponso pamene nzeru ya ku Japan ingatithandize mwa njira ina. Mafulashi aja ooneka ngati chakudya ankagulidwa ndi alendo chifukwa anali chikumbutso cha dzikolo chimene chimagwiranso ntchito. Anyamata osema ziboliboli ku Chembe akhala akusema mvuu, ng'ona, bawo ndi timakiyi ta maina kwa zaka zambiri, aliyense zofanana ndi za mnzake, mpaka mlendo amangodutsa osayang'ana. Bwanji wina asaseme kansomba ka mbuna kapena kabwato kokhala ndi fulashi yeniyeni m'mimba, n'kuikamo zithunzi za nyanja? Kamtengo kake n'kochepa, kotsala pa zosema zina, kosafuna kugwetsa mtengo m'paki. Wa m'tauni abweretse mafulashi oona, wa kunyanja aseme, mugawane. Nzeruyi ndaipereka ulere, amene ailemerere adzandigulire kampango.

Chinthu china chimene ife ogulitsa timachinyalanyaza ndi imfa ya katundu wathu. Tizida timeneti sitikhalitsa, makamaka kunyanja kumene mchenga umalowa paliponse ndipo chinyezi chimadya tizitsulo ta m'kabowo. M'kati mwa tambiri muli batire ya lithium, imene ikatenthedwa kwambiri kapena kuboola imafufuma, nthawi zina n'kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Muuzeni kasitomala kuti pawabanki asaisiye padzuwa pamodzi ndi sola, aibise pamthunzi, ndipo ikayamba kutupa mimba asaigonekenso pafupi ndi neti kapena denga laudzu. Inunso musaunjike katoni ya mapawabanki pansi pa lata lotentha masana onse mumsika. Misika yathu yapsa kokwanira.

Nanga ikafa imapita kuti? Ku Chembe dzala lalikulu ndi gombe, ndipo mvula yoyamba imakokolera zonse m'madzi. Madzi amenewo ndi amene anthu amamwa, kuchapira ndi kusambamo. Ndi omwenso anachititsa kuti paki imeneyi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ilembedwe ndi UNESCO mu 1984 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, chifukwa cha mitundu mazana-mazana ya tinsomba tosapezeka kwina kulikonse. Tinsomba timeneto ndi timene timabweretsa mzungu wogula waya wanu uja. Sikovuta kuika katoni pansi pa benchi n'kumuuza kasitomala kuti akabweza chakufa mumuchotserako pang'ono pa chatsopano. Amisiri okonza mafoni amagula zina mwa zimenezi kuti achotsemo zipangizo, ndipo kasitomalayo mwamumanga kuti abwerere kwa inu.

Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wa wogulitsa wamng'ono sulolanso kuyesa-yesa. Katoni imodzi yolakwika ndiye kuti lendi ya benchi ndi fizi ya mwana zapita. Tsono amene mwaganiza zotsika ndi katundu ku Chembe, yang'anani kumwamba musanakwere galimoto. Mwezi ukakhala wathunthu usipa sutsata nyali, asodzi amakhala pa mchenga kusoka maukonde, ndipo m'thumba mwawo mumakhala mphepo. Ndalama imayenda mwezi ukakhala mu mdima, makamaka m'mawa maboti akangokocheza ndipo amayi ogula nsomba atamasula mipango. Miyezi ya Juni ndi Julayi mwera ukakalipa maboti amatha masiku osalowa m'madzi, ndipo usiku kumazizira moti kafani palibe angakayang'ane. Nthawi imeneyo tengani mawaya ndi mapulagi, poti ndi pamene alendo a ku Ulaya amayamba kuchuluka. Mafani asungeni mpaka Seputembala, ndipo muwatsitse kutentha kusanafike pachimake, anzanu a ku Monkey Bay asanakuyambireni.